Chikho cha Ulusi Wofiira

Lolemba, 15 Januwale

Fumbi lero ngati ufa. Makina ndapukuta kawiri, ulusi ukungoduka.

Masana shopu yadzaza monga mwa masiku onse a Lolemba. Aliyense ndi kansalu kake konamizira, koma chobwerera ndi TV yanga basi. Lolemba amabwereza gawo la dzulo la sewero la Khomo Lachitatu, ndiye amene anaonera kale amabwera kudzaoneranso kuti akangane bwino. Ine ndimasoka ndi diso limodzi.

Gawo 9. Apongozi anga, Mma Napari, achita bwino, ndisaname. M'seweromo ndi Tani, mkazi wamkulu wa pamitala amene akulodza kamkazi katsopano. Dzulo anakapatsa phala. Anatunga ndi chikho, n'kuuzira katatu, n'kunong'ona mawu osamveka, maso ali pa kamera osaphethira. Ine amene ndimawaona m'mawa uliwonse akutsuka mano ndi kamtengo, thupi linachita tsembwe.

A Damata a nyumba yoyang'anana nafe anati, "Koma mayi ameneyu amatha! Mawu ajawa anawalembera ndani?"

Ndinawauza kuti kumeneko kulibe zolembalemba. Sualisu, mwini seweroli, amangoti apa mukwiye, apa mulodze, zinazo munthu amapeka yekha. Pakamwa pangapa, posadziwa kutseka, panapitiriza: "Akusewera chiyani? Kunyumba ndi momwemo. Mufunse ine amene ndimamwa phala lawo."

Chikhakhali shopu yonse. Ndinamva kukoma, ndivomere. M'mawa anali atanena pamaso pa alendo kuti msuzi wanga wa therere ndi madzi otsukira mbale.

Rahinatu, mwana wa a Damata, woyembekezera uja, ndiye anaona: "Chikho chimenecho si chomwe amatitungira nacho koko pamsewu? Taonani ulusi wofiirawo." Ndichodi, cha koko, phala la mapira limene Mma amagulitsa. Chinang'aluka chaka chatha, ndinachisoka ndine. Kwa Sualisu aliyense amapita ndi zovala ndi ziwiya za kunyumba kwake. Tinasekanso.

Lachiwiri, 16 Januwale

Mma abwera kuchokera kumsewu mapewa ali m'mwamba. Ana asukulu amawakuwa "Tani! Tani!" Akuti kutchuka kumeneko. Zaka makumi atatu akugulitsa koko palibe amawadziwa dzina, lero Tamale yense akuwaloza. Ndati ndiye muzitipatsako ulemuwo. Ati ndiyambe ndaphunzira kuphika.

Lachinayi, 18 Januwale

Rahinatu wadwala. Mutu, thupi kutentha, khosi louma ngati mtengo. Apita naye kuchipatala m'mawa. Nyengo ya fumbi ino matendawa sasowa, chaka chatha anatenga ana awiri kuseri kwa mzikiti.

Mphika wa Mma wabwerera uli theka. Akuti anthu achedwa kudzuka chifukwa cha kuzizira.

Lachisanu, 19 Januwale

Mphika wabwerera wodzaza. Wodzaza ndithu, mafuta ali pamwamba osasokonezedwa.

Mma anautsitsa pamutu okha, osandiitana, n'kukhala pampando wawo wamfupi. Kenako anati, "Akudutsa pamaso panga kukagula kwa mtsikana wa tsidya lija, amene koko wake ndi madzi. Akhuta eti." Tamwa koko m'mawa, masana, ndipo wina ndapatsa mbuzi.

Ndinapita kukafunsa za wodwala. Ndinanjuta pakhomo kupereka moni monga mwa ulemu wake. A Damata anayankha ndi kukhosi, maso ali kwina. Sanafunse kuti apongozi adzuka bwanji. Kuno munthu amafunsa ngakhale za mdani wake.

Loweruka, 20 Januwale

Kumpopi ndinapeza nkhani ili pakati, itandiona inafa. Ndowa zokha kulira. Pobwerera Fusheina wokonza tsitsi anandithamangira n'kunditsina khutu. Akuti Rahinatu m'kutentha kwake wakhala akukuwa kuti Mma Napari aima kumutu kwa bedi ndi chikho, akumuuza kuti amwe.

Ndinaseka. Ndinati mtsikanayo anaonera gawo lija kawiri, alota chiyani china? Fusheina sanaseke. Anati, "Iwe Balchisu, unabadwira kuti? Wodwala akatchula dzina, watchula."

Ndikudziwa. Ndili wamng'ono kwathu ndinaona mayi wina akutuluka m'mudzi ndi kamtolo kamodzi chifukwa mwana wa mulamu wake anamulota.

Ndamuimbira mwamuna wanga Neindow. Ali ku Techiman ndi lole, akudikira katundu. Akuti, "Zaakazi izo. Amayi anga aliyense akuwadziwa." Ndi chimenecho chikundiopsa, bambo anga inu. Tsopano aliyense akuwadziwa.

Lamulungu, 21 Januwale

Gawo 10, 5 koloko madzulo. Masabata onsewa bwalo lathu limadzaza, anthu kufuna kuonera ali pambali pa Tani weniweni. Lero mabenchi ndinatulutsa atatu. Tinakhala awiri, ine ndi Mma.

Ndipo tsoka lake, m'gawo la leroli kamkazi katsopano kaja kagona pamphasa, kali ndi pakati, kakubwebweta. Anajambula Lachisanu lapitalo, Sualisu sanadziwe kanthu, koma adzamva ndani zimenezo? Tani akuima pakhomo, akumwetulira pang'ono.

Mma anaonera ngati palibe chachitika. "Apa ndinafulumira kutembenuka. Mpango uja sunakhale bwino. Mnyamata wa kamera ameneyu amandidula mutu." Kenako anayang'ana mabenchi aja n'kunena kuti ndiwabweze m'nyumba asagwidwe fumbi.

Nyumba zonse zinali ndi TV yoyaka. Nyimbo yotsekera itatha, msewu wonse unali zii.

Lolemba, 22 Januwale

Abwera kushopu, koma osati monga kale. Palibe wokangana. Kale wina amati Tani ali ndi zifukwa zake, mwamuna ndiye chitsiru, wina amati ayi. Lero onse mbali imodzi.

"Munthu sangamwetulire chonchija ngati sakuzidziwa."

"Ena onse m'sewero muja amaoneka kuti akusewera. Koma awa ayi."

"Ndipo mawu aja si chilankhulo chathu, si Chiarabu. Ndi cha kuti?"

Ndinazimitsa makina. Ndinati amayi inu, tisapenge, ili ndi sewero. Amene amasewera mwamuna uja ndi wogulitsa matayala ku Aboabo, mitala alibe, ngakhale mkazi mmodzi akumukanika. Palibe anaseka. Mayi wina amene sindimudziwa bwino, wobwera ndi Fusheina, anati, "Koma akuti wa m'nyumba momwemo ananena yekha kuti kunyumba ndi momwemo."

Ndinati inali nthabwala.

"Ndinu munanena?"

Ndinati eya, koma inali nthabwala.

"Ehe. Utsi sufuka popanda moto."

Singano yandibaya kawiri. Diresi la a Hajia ndalidetsa magazi pakhosi.

Lachiwiri, 23 Januwale

Rahinatu wamwalira m'mawa. Ndi mwana yemwe. Amuika masana.

Adokotala anena kuti ndi matenda oumitsa khosi. Anenanso kuti onse a m'nyumbamo akamwe mankhwala. Zimenezo palibe akuzibwereza.

Mma anavala mpango woyera, anaphika mpunga, n'kunyamula kupita kumaliro. Mtsikanayo anamuona akubadwa. Ndinawatsatira. Pakhomo panaima mchimwene wa a Damata, anangoika dzanja pachitseko. "Bwererani ndi mbale yanuyo." Mkati kulira kunasiya, onse akumvetsera.

Mma anati, "Ndabwera kudzapepesa." Iye anati, "Mwapepesa kale."

Tinabwerera msewu wonse ukutiyang'ana. Mma anayenda pang'onopang'ono, mbale ili pamutu, msana uli chilili. Ndili ndi mantha, ndipo ndili ndi manyazi, sindikudziwa chachikulu ndi chiti.

Lachitatu, 24 Januwale

Sualisu wabwera ndi njinga yake yamoto, magalasi akuda ali pachipumi, mtedza wa kola uli m'manja. Anapepesa za maliro mwachidule, kenako nkhope kuwala. Akuti pawayilesi dzulo anthu amaimba mafoni ola lathunthu, onse za Tani. Akufuna athamangitsidwe. Akuti sewero lake silinakambidwepo chonchi.

Ndiye maganizo ake ndi awa. Gawo 11, Tani athamangitsidwa m'mudzi ndi miyala. Gawo 12, dokotala apeza kuti kamkazi kaja kanali ndi matenda wamba, mudzi wonse upita kukamugwadira Tani, kumubweza ndi ng'oma. "Mma, anthu akaona zimenezo achita manyazi okha. Ndikutsukani pa TV pomwe ndinakudetsani."

Ndinati ndiye jambulani 12 yo kaye. Akuti sizingatheke, munthu sabwezedwa asanathamangitsidwe, ndipo oonera akapanda kupatsidwa chomwe akufuna atseka TV.

Ndinafunsa kuti khamulo alitenga kuti. Anandiyang'ana ngati ndafunsa kuti madzi amatunga kuti. Monga nthawi zonse: pamsewu pathu pompano, Lachisanu anthu akamatuluka mumzikiti. Chiyambire sewero lino khamu lililonse ndi anthu oyandikana nafe, amakonda kudziona pa TV.

Ndinati, "Achimwene, anthu amenewa aika maliro dzulo." Iye anati ndi chifukwa chake zidzaoneka zenizeni.

Ndinati Mma sapanga nawo. Mma anati, "Wakufunsa ndani?" Kenako kwa Sualisu: "Ndiyamba ntchito, ndimaliza. Ndikathawa pano adzati ndathawa chifukwa n'zoona. Koma 12 yo ujambule Loweruka, usachedwe."

Sualisu wandipatsa ntchito inenso. Miyala ya nsanza makumi atatu, yaimvi, yoti ikagunda munthu isapweteke.

Lachinayi, 25 Januwale

Tsiku lonse kusoka miyala. Zidutswa za yunifolomu ya sukulu, mkati thonje la pilo wakale. Yatuluka bwino mochititsa mantha.

Neindow akuti lole yafa giya, afika Lolemba. Akuti alankhula ndi amalume ake, ati tidikire mitima izizire. Ndamuuza za mawa. Akuti amayi akafuna chinthu ndani angawaletse.

Madzulo dzuwa lisanalowe Mma anabwera kushopu, chinthu chimene sachita. Anakhala pabenchi n'kuyamba kundithandiza kulonga thonje. Ndinalimba mtima kuwafunsa kuti mawu amanong'ona aja ndi otani.

Anaseka mpaka kutsokomola. "Mapira, jinja, tsabola, bwemba. Mapira, jinja, tsabola, bwemba. Ndimangothamangitsa lilime. Ndinene chiyani china, ine ndimadziwa koko basi."

Ndinaseka nawo, kenako misozi. Ndinati Mma, pali chimene ndinanena m'shopu muno.

"Kunyumba ndi momwemo," anatero, osakweza mutu. "Damata anandiuza tsiku lomwelo, akufa ndi phwete. Inenso ndinaseka. Inali nthabwala yabwino." Anafinya mwala umodzi m'manja kuuyesa. "Koma mwanawe, ukayenda siya phazi. Mlomo umatsala ukuyenda wokha."

Kenako anati thonje ndikuika lochepa, miyala yanga ikuoneka ngati mabanzi.

Lachisanu, 26 Januwale

Ndilembe dzanja lisanakane.

Sualisu anapempha anthu makumi awiri. Unabwera msewu wonse, ndi ena amene sindinawaonepo. Amuna ndi mikanjo yawo ya ku mzikiti. A Damata, amene amayenera kukhala m'nyumba pa maliro, anaima pakhomo pawo manja ali kumbuyo.

Ndinazungulira ndi dengu la miyala yanga. Anatenga ana ndi atsikana awiri atatu. Akuluakulu amangopukusa mutu, ena kumwetulira. Dengu linabwerera lolemera. Ndinamuuza Sualisu kuti anthu sakutenga. Anati zilibe kanthu, ena azingokuwa.

Anakwera pabenchi kufotokoza. Tani akatuluka mukuwe kuti Tani choka. Muponye nsanza zokha. Ndikati basi, basi.

Mma anatuluka ndi nsalu yawo yakuda, kamtolo pamutu, chikho m'manja. Anayenda bwino, mmene amayendera pa TV. Kwa kanthawi panalibe wokuwa. Kenako mawu a mwamuna kumbuyo: "Napari choka!" Osati Tani. Onse anatengera pomwepo.

Chinthu chinagunda chitseko chathu cha malata, phokoso lake mpaka m'mano. Nsanza silira.

Sualisu anakuwa basi. Anakuwanso, basi, basi, akugwedeza manja. Palibe anamuyang'ana. Wa kamera sanatsitse kamera. Mwala wachiwiri unagwetsa kamtolo, wachitatu unawapeza pamwamba pa diso, anakhala pansi ngati munthu wotopa, chikho n'kugubuduka.

Sindikukumbuka kuthamanga. Ndinangopezeka ndaima patsogolo pawo, chikho ndachitola. Ndinakuwa kuti chikhochi ndinasoka ndine, phala lake ndimamwa ndine tsiku lililonse, bwanji sindinafe? Wina unandigunda paphewa. Ndinatembenukira kwa a Damata, ndinawaloza ndi chikho chomwecho, ndinati, "Inu a Damata, mwana wanu wapita ndi matenda, mukudziwa! Mudzaona! Nonsenu mudzaona!"

Ndimatanthauza gawo 12. Kapena ndimatanthauza Mulungu. Sindikudziwa. Koma miyala inasiya, anthu anabwerera m'mbuyo ngati ndawathira madzi otentha. Apo ndi pamene imamu anafika ndi ndodo yake n'kuwabalalitsa.

Mma asokedwa malo anayi kuchipatala. Namwino sanafunse kuti chachitika n'chiyani.

Loweruka, 27 Januwale

Amalume a Neindow abwera m'mawa ndi akulu awiri. Sanakhale pansi. Akuti sakunena kuti n'zoona, sakunena kuti n'zabodza, koma nyumba ingatenthedwe ndi anthu omwe. Mma apite kwa mlongo wawo kumudzi, kupitirira Savelugu. Mlongoyo pafoni wati angagone masiku awiri, kenako aone kopita, iyenso ali ndi ana ndi anansi. Kopitako tonse tikukudziwa, kumudzi kuja kokhala amayi othamangitsidwa. Palibe anakutchula.

Mma anafunsa chinthu chimodzi: "Sualisu wabwera? Lero ndi 12." Foni yake yozimitsa.

Ndinawamangira katundu. Mphika waukulu anati utsale, kumeneko adzaphikira ndani. Chikho anandipatsa m'manja. "Usataye. Chikadali chabwino, unasoka bwino." Aka n'koyamba kundiyamikira ntchito, zaka zisanu ndi zinayi.

Anakwera njinga ya matayala atatu yonyamula katundu, pamwamba pa thumba lawo, bandeji ili mbee. Ndinati ndipita nawo mpaka kumudzi. Anakana, ati nyumba isatsale yopanda munthu. Msewu wonse unali m'mawindo. Anadutsa pakhomo pa a Damata n'kupereka moni mokweza, monga amachitira m'mawa uliwonse. Sanayankhidwe.

Nsanza zanga zikadali mbwee pabwalo. Ndasesa, ndasiya miyala inayo pomwe inagwera.

Lamulungu, 28 Januwale

TV sindinayatse. 5 koloko itadutsa ndinamva mawu anga akutuluka m'nyumba zonse nthawi imodzi.

Lolemba, 29 Januwale

Neindow sanafike. Akuti mawa.

Ndimaganiza kuti lero kushopu sikubwera munthu. Abwera onse, kuposa masiku onse, ena kuima pakhomo. Palibe anabweretsa nsalu. A Damata anakhala kutsogolo, pabenchi la Mma lija la Lachinayi. Fusheina anayatsa yekha TV osandipempha.

Sualisu sanadule kanthu. Wangochotsa mawu ake oti basi, n'kuikapo ng'oma. Magazi akuoneka bwinobwino.

"Gawo ili ndiye gawo."

"Chiyambire sanajambulepo chonchi. Ngati uli pomwepo."

"Taonani Tani mmene wagwera, sakulira n'komwe. Munthu wamba akanalira."

Kenako ndinatulukira ine. Sindinadziwe kuti nkhope yanga imatha kukhala choncho. Maso ofiira, mpango wagwa, chikho chili m'mwamba. Kamera yabwera pafupi penipeni, mpaka ulusi wofiira kuoneka. Mudzaona. Nonsenu mudzaona. Pamenepo ndi pomwe waimitsira chithunzi, nyimbo yotsekera n'kuyamba, nkhope yanga ili pomwepo.

Nyimbo inatha.

A Damata anatembenuka pang'onopang'ono. Mawu awo anali ofatsa. "Koma Balchisu umatha. Mawu ajawa anakulembera ndani?"

Ndinadikira kuti wina aseke.

Atuluka mmodzimmodzi. Aliyense wapempha nsalu yake, ngakhale zodula kale, ngakhale diresi la a Hajia lopanda mkono. Pachingwe patsala mahang'ala okha.

Ndikulemba izi Sualisu ali pakhomo, njinga sanazimitse. Akuti 12 ija iyembekeze kaye, anthu pawayilesi akufunsa za mtengwa wa Tani. Akufunsa ngati ndili ndi nsalu yakuda, ndiponso ngati chikho chija chikadalipo.